Sizasi ndi Mapasa Ake Osakwana Masiku

Dzuwa linali paliwombo, anthu onse ali kunja kusakasaka moyo, koma Sizasi anali chiimire pakati pa chipinda chotseka mawindo, thukuta lili kamukamu, ana awiri atamangidwa ndi nsalu pachifuwa pake. Pansi panali mkaka. Kapu inali itamupulumuka m'manja, ndipo mkaka wonse umene mkazi wake anaufinya movutikira m'mawa umenewo unkalowerera m'ming'alu ya simenti.

Anangouyang'ana. Sakanatha n'kuwerama komwe kuti apukute, kuopa kupana ana. Pabedi, mkazi wake anali chigonere, nkhope italoza kukhoma. Kugwa kwa kapu anakumva, koma sanatembenuke.

Apa m'pamene bambo wamkulu, wandevu zake, analira. Analira mosatulutsa mawu, atagwira mpweya, kuti chifuwa chisagwedezeke ana angadzuke.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chipinda chanu chotseka chimene anthu sachidziwa. Khalani pansi ndikuuzeni za munthu ameneyu.

Dzina lake lenileni ambiri anali ataliiwala. Ankangoti Sizasi, chifukwa anali wometa tsitsi, komanso pakamwa pake pankayenda ngati sizasi yomwe. Kashopu kake kanali pakona, pafupi ndi pokwerera basi: mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka m'mbali, ndi benchi limene silinkasowa anthu. Ena ankabwera kudzameta, ena ankangobwera kudzakangana za mpira. Munthu wadazi akalowa, Sizasi ankamulandira ndi ulemu wonse n'kumufunsa kuti, "Bwana, lero timete kapena tingopukuta?"

Mkazi wake naye anali wa mitu yomweyo. Ankaluka tsitsi la azimayi pakhonde la nyumba yawo, ndipo zala zake zinkathamanga moti ukaphethira umapeza mzere watha. Anakhala m'banja zaka zambiri opanda mwana. Mimba itabwera, adokotala n'kunena kuti muli awiri, Sizasi anameta anthu tsiku lonse akuimba.

Koma kutatsala miyezi iwiri kuti masiku akwane, mkaziyo anagwa ali pakati poluka kasitomala. Magazi anali atathamanga kwambiri. Kuchipatala anamuchita opaleshoni mwachangu kuti apulumutse onse atatu. Ana anatuluka amoyo, wamwamuna ndi wamkazi, aliyense wongopitirira pang'ono paketi ya shuga. Mayi wawo anatsitsimuka patapita masiku, koma dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali zitafooka.

Tsiku loyamba kuwaona, Sizasi anabwerera m'mbuyo. Khungu lawo linali lopyapyala, mitsempha ikuonekera. Tizala tawo tinali ngati timitengo ta machesi.

M'chipinda cha ana osakwana masikucho munali namwino wina wamfupi, wamawu aakulu, wosadziwa kunyengerera. Ana atachotsedwa m'makina owatenthetsa, namwinoyo anaitana Sizasi.

"Bambo, vulani malaya."

Sizasi anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwake. "Ine?"

"Nanga muli angati pamenepo? Mayi awo sangathe pakadali pano. Ana awa akufuna kutentha kwa thupi la munthu, khungu ndi khungu. Chifuwa muli nacho, chachikulunso."

Anamuika anawo pachifuwa ngati tiachule, mitu itapendekera m'mbali, n'kumumanga ndi nsalu. Azimayi a m'chipindamo anaseka chobisa nkhope. Sizasi sanaseke. Ankamva timitima tiwiri tikugunda pamwamba pa mtima wake, ndipo anaopa ngakhale kutsokomola.

Potuluka m'chipatala, namwino uja anamuunjikira malamulo. Azimwetsa anawo mkaka wa mayi awo ndi kakapu, pafupipafupi, ngakhale atagona aziwadzutsa, chifukwa analibe mphamvu zoyamwa. Azisamba m'manja asanawagwire. Tizipewa ndi timasokosi tisachoke. Alendo ayi, makamaka wachimfine. Sabata iliyonse azibwera nawo kusikelo.

"Ndipo mvetsetsani ichi," anatero namwinoyo. "Ana otere nthawi zina amaiwala kupuma. Mukaona choncho, msisiteni kumsana, mtekenyeni kumapazi, kenako thamangani naye kuno. Osadikira mawa."

Shopu anaisiya m'manja mwa mnzake wina wometa, amene ankamutumizira kangachepe ka ndiwo ndi sopo. Iye analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Woyamba kubwera anali mlamu wake, mkulu wa mkazi wake. Anafika ndi chikwama, ndi mtima wofuna kuthandiza, komanso ndi chifuwa chouma chimene ankati n'cha fumbi la m'basi. Sizasi anapempha mwaulemu kuti ayambe achira asanayandikire ana.

"Alamu, ine ndalera ana anga onse mpaka kukula. Lero mundiphunzitse inu ometa ndevu?"

"Si ine, alamu. Ndi akuchipatala."

Mlamuyo anagona masiku awiri okha n'kunyamula chikwama chake. Ali pakhomo anatsitsa mawu, koma osati mokwanira.

"Wamwamunayo mwina. Koma kakakazika musakawerengere. Ndakaona maso, si kokhalitsa."

Mawu amenewo analowa m'nyumba, mpaka kukafika pabedi pamene panagona mayi wa anawo.

Anzake a pabenchi anabwera kamodzi. Anaima pawindo, iye ali mkati, atakankhira katani pambali.

"A Sizasi, tamva kuti mwayamba kuyamwitsa!"

"Eya," anayankha, "mukafuna lowani pamzere, koma muyambe mwasamba."

Anaseka onse. Anacheza pang'ono za mpira, koma macheza a pawindo sakhalitsa. Anzakewo atatembenuka kuti azipita, Sizasi anaona m'makosi mwawo. Onse anali atameta kumene, ndipo kametedwe kake sikanali ka mnzake wa kushopu uja. Anali atapeza kwina. Mitu imene ankaidziwa ngati chikhatho chake, chipsera chilichonse ndi kakhwinya kalikonse, inali itagwidwa ndi manja ena.

Sanabwerenso. Sikuti anali anthu oipa. Munthu ukasowa pabenchi, malo ako amakhalapo wina.

Masiku anayamba kufanana. Kuwiritsa kapu. Kuthandiza mkazi wake kukhala tsonga kuti afinye mkaka ndi dzanja limodzi lija. Kudzutsa mwana, kumukhazika pamwendo, kugunditsa kapu pamlomo, kudikira kuti anyambite ngati kamphaka. Wina akamaliza, winanso. Onse akamaliza, nthawi yoyambiranso yakwana. Kugona ankagona chokhala, atatsamira mapilo, ana ali pachifuwa. Kusamba kunali kwa mphindi, chitseko chili chotsegula, khutu lili kuchipinda.

Munthu amene ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo tsopano ankatha tsiku lonse osamva mawu a munthu wamkulu. Choncho anayamba kulankhula ndi ana. Wamwamunayo anamutcha Wailesi, chifukwa akayamba kulira panalibe pozimitsira. Wamkaziyo anamutcha Kachete. Iyeyu sankalira n'komwe. Ankangotsegula maso pang'ono, kuyang'ana ndevu za bambo ake, n'kutsekanso.

"Kachete, imwa mayi," ankatero. "Mchimwene wakoyu akutha mkaka. Dziko lino ukachita manyazi umagona ndi njala."

Ankawafotokozera za mpira, za makasitomala ovuta, za mmene anakumanirana ndi mayi awo. Pofika pa nkhani imeneyi ankakweza mawu dala, n'kuponya diso kubedi. Koma kumeneko kunali zii.

Chimene chinkamupweteka kwambiri si kutopa. Chinali chakuti m'chipinda chomwecho munali munthu amene ankamukonda, koma munthuyo anali kutali ngati ali kutsidya la mtsinje wosefukira. Mkaka ankafinya, mankhwala ankamwa, koma ana sankawagwira. Sizasi akamuyandikizira mmodzi, ankabisa dzanja labwino lija m'bulangete.

"Amake ana, tangomugwirani pang'ono. Ndikuthandizani."

"Ndimugwetsa."

"Simungamugwetse, ndili pompano."

"Mimba yanga inawataya masiku asanakwane. Mukufuna manja anganso awataye?"

Sizasi anabwezera mwanayo m'nsalu.

Ndiye linafika tsiku lija la kapu. Sizasi atalira mpaka misozi kulowa m'ndevu, Wailesi anayamba kusuntha, kufuna chakudya. Njala ya mwana sidziwa kuti bambo ali ndi chisoni. Sizasi anapukuta nkhope ndi mkono, n'kupita pafupi ndi bedi.

"Amake ana, mkaka watayika. Ndagwetsa ndine."

Kenako mkaziyo, osatembenuka, anati, "Tsukani kapuyo mubweretse."

Anatola kapu ndi zala za kuphazi, anaitsuka, anaiwiritsa, n'kuyambiranso. Palibe chozizwitsa chinachitika tsiku limenelo. Anangoyambiranso basi.

M'mawa wina atatsegula chitseko chakumbuyo, anapeza ndowa ya matewera ilibe kanthu. Anaganiza kuti aba. Atakweza maso anawaona ali pachingwe, oyera, akuuluzika. Kuseri kwa mpanda kunali mayi woyandikana nawo nyumba, wogulitsa masamba pamsika, munthu amene kale ankangopatsana naye moni.

"Musandithokoze, bambo a mapasa," anatero mayiyo Sizasi asanayambe n'komwe kulankhula. "Ndamva kuti m'nyumbamo simulowedwa, ndiye sindilowa. Muzingoika ndowayo panja. Paja inu ometa mumadziwa, mnzako akapsa ndevu m'zimire."

Kuyambira pamenepo, mayiyo ankagogoda kawiri pachitseko n'kumapita. Sizasi akatsegula ankapeza madzi otunga kale, nthawi zina kamtolo ka masamba. Kugogoda kumeneko ndiko kunali mlendo wake yekhayo, ndipo ankakudikira ngati mmene ena amadikirira wachibale wochokera kutali.

Kusikelo zinthu zinkayenda mbali imodzi. Wailesi ankakwera sabata iliyonse, masaya n'kuyamba kutuluka. Kachete ankakwera pang'ono, kuima, nthawi zina kubwerera. Namwino uja ankayang'ana sikelo, kuyang'ana mwana, n'kunena kuti, "Pitirizani." Pobwerera kunyumba Sizasi ankadutsa njira yakuseri kuti asaone shopu yake. Mawu a mlamu wake ankamutsatira m'mbuyo ngati galu wanjala.

Tsiku lina masana kunagwa mvula yamphamvu, yosokosa padenga. Sizasi anali atakhala pampando, ana ali pachifuwa, akuwodzera. Chimene chinamudzutsa si phokoso. Kunali kudekha. Mbali yakumanja, kumene kunali Wailesi, kunkakwera n'kutsika. Mbali yakumanzere kunali bata.

Anasuzumira m'nsalu. Milomo ya Kachete inali itatuwa, thupi litalobodoka.

Anamasula nsalu mwachangu. Ankafunika manja onse awiri, ndipo Wailesi anali atayamba kale kukuwa. Panalibe nthawi yoyala pogoneka. Anafika pabedi n'kumuika mwanayo pachifuwa pa mayi ake.

"Gwirani mwana!"

"Sindingathe!"

"Lero mutha. Gwirani!"

Anamugoneka Kachete padzanja lake n'kuyamba kumusisita kumsana. Palibe. Anamutekenya kumapazi. Palibe. Anasisitanso mwamphamvu, akumuitana ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

"Kachete! Iwe Kachete! Usandichite zimenezi, mwana wanga. Puma!"

Kathupi kaja kanadzidzimuka. Kakamwa kanatseguka, kanakoka mpweya, kenako kanatulutsa kulira kochepa, kosasa, ngati kwa kamwana ka mphaka. Sizasi sanamvepo nyimbo yokoma chotero.

Anamumanganso pachifuwa, anavala jekete pamwamba, n'kutuluka pamvula. Anamenya chitseko cha mayi wa masamba uja.

"Mayi, lero lowani! Sambani m'manja mulowe, akazi anga ali okha ndi mwana!"

Pamsewu anaimitsa wanjinga yamoto. Munthuyo ataona kamutu ka chipewa kakusuzumira m'jekete sanafunse zambiri. Anangoti, "Gwiritsani, bambo."

Kuchipatala anapeza kuti Kachete wayamba chibayo. Anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno n'kuyamba kumubaya mankhwala. Namwino wamfupi uja anamuyang'ana Sizasi, ali chinyowere, nsapato imodzi itatsala m'matope kwinakwake.

"Mwachita bwino kuthamanga," anatero. Kwa munthu ngati ameneyo, amenewo anali mawu ambiri.

Anakhala m'chipatala kupitirira sabata, mwamuna yekha pakati pa azimayi. Iwo ankacheza nkhani zawo, iye akayandikira ankatsitsa mawu. Ankakhala pakampando pafupi ndi kabedi ka mwana wake, chala chake chili m'kadzanja kake. Mkaka unkabwera m'botolo ndi mayi wa masamba, popita kumsika. Akamufunsa za kunyumba, mayiyo ankangoti, "Kuli bwino. Inu samalani kuno." Sizasi sankakhulupirira. Ankaona ngati akungomutonthoza.

Tsiku lotuluka anafika kunyumba chakum'mawa. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kubedi monga mwa chizolowezi. Pabedi panalibe munthu.

Mkazi wake anali pampando uja, pafupi ndi windo, tsitsi litapesedwa. Wailesi anali pachifuwa pake, atamangidwa ndi nsalu, akuyamwa yekha bere mwaphokoso ngati munthu wobweza ngongole ya njala. Dzanja labwino linali litachirikiza mutu wa mwana. Lofooka lija linali litagona pamsana pake.

Anayang'anana. Mkaziyo ndiye anayamba.

"Sindinamugwetse."

"Ndaona."

"Tsiku lija munatuluka, ndinamugwira mpaka dzanja kuchita dzanzi. Ndimati ndikangosuntha agwa. Kenako anayamba kufunafuna yekha." Anayang'ana nsalu ya pachifuwa pa mwamuna wake. "Bweretsani winayo. Sanandidziwebe."

Sizasi anamasula Kachete n'kumuika pambali pa mchimwene wake. Mayiyo anaweramitsa mutu, kununkhiza kachipewa kaja, n'kuyamba kulira kulira kumene anakusunga miyezi yonse ija. Sizasi anagwada pansi n'kuwakumbatira onse atatu.

Musaganize kuti mavuto anathera pomwepo. Kutopa kunalipobe. Kachete ankamwabe ndi kapu, pang'onopang'ono, nthawi zina kubweza zonse. Koma tsopano zifuwa zinali ziwiri. Wina akanyamula, wina ankagona. M'nyumba munayamba kumveka mawu a anthu akuluakulu, ngakhale kukangana kumene.

"Mwamumanga mokhota mwanayo."

"Taonani aphunzitsi! Mwayamba liti ntchitoyi, mayi?"

"Ndinawanyamula m'mimba inu musanawaone."

Madzulo aliwonse Sizasi ankatenga dzanja lofooka lija n'kumaliwongola chala chimodzichimodzi, monga anamusonyezera akuchipatala. Anamangirira ulusi wokhuthala kumsana kwa mpando kuti mkazi wake aziyeserera kuluka. Poyamba ulusi unkangopulumuka, iye n'kukwiya, kuutaya pansi. Mawa lake ankautolanso.

Kenako sikelo inayamba kumvera. Kachete anakwera sabata imodzi, yotsatira anakweranso, osabwereranso m'mbuyo. Anayamba kukana kukhala m'nsalu, kuponda bambo ake m'mimba ndi timiyendo tamphamvu. Ndipo tsiku lina, kapu itachedwa, anakuwa mokweza mpaka Wailesi yemwe anadabwa n'kukhala chete.

"Dzina lija talakwitsa," anatero Sizasi.

Atapita kusikelo ulendo wina, namwino uja anamunyamula Kachete m'mwamba, kumutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu pamsika.

"Awa tsopano ndi anthu," anatero. "Katseguleni mawindo. Alendo azibwera, koma azisamba m'manja. Ndipo inu bambo, kavaleni malaya mubwerere kuntchito. Mwatikwana."

Sizasi anaseka.

M'mawa wobwerera kushopu anavala malaya ake oyera, anapukuta makina ometera, n'kutuluka. Atayenda pang'ono anamva kuzizira kwachilendo pachifuwa, ngati waiwala chinachake. Anaima n'kucheuka. Mkazi wake anali pakhomo, atatsamira chitseko, mwana wina kumsana, wina m'manja.

"Pitani, bambo," anakuwa. "Tikhala."

Pabenchi sipanadzaze tsiku limodzi. Makasitomala ena anali atapitiratu. Ena anabwerera mmodzimmodzi, akukanda m'mutu mwamanyazi, n'kumati kwina kuja amameta mothamanga. Sizasi sanawafunse kanthu. Ankangowakhazika pampando, kuwakulunga nsalu m'khosi, n'kuyatsa makina. Nthabwala zinabwerera, koma amene ankamudziwa kale amati munthuyu anasintha. Masiku ano kasitomala akakhala pampando ali duu, nkhope ili pansi, Sizasi sathamangira kuseketsa. Amayamba wafunsa kuti, "Kunyumba kuli bwanji?" ndipo amadikira yankho.

Dzanja la mkazi wake silinabwerere mwakale. Liwiro lija linapita. Koma amaluka, modekha, makamaka ana a sukulu, ndipo mizere yake ndi yowongoka ngati kale. Mapasa aja anakwawa mochedwa, anayenda mochedwa, koma lero ukafika pakhomopo uyenera kusamala mapazi, chifukwa amathamanga osayang'ana kutsogolo.

Sizasi sanali dokotala, sanali wolemera, ndipo sanali wolimba mtima kuposa inu. Masiku ambiri ankachita mantha. Masiku ambiri ankaona ngati dziko lonse lamuiwala. Chimene anachita n'chakuti ntchito imene inali patsogolo pake ankaigwira, ngakhale panalibe womuona kapena womuyamikira, ndipo mawa lake ankaigwiranso.

Mwina inunso mwanyamula chinthu chofooka chimene ena anakuuzani kale kuti sichikhalitsa. Mwina ndi mwana, mwina ndi wodwala, mwina ndi banja lanu limene. Mwina anzanu anasiya kukufunsani. Kusungulumwa kumanama, kumakuuzani kuti mmene zililimu ndi mmene zidzakhalire mpaka kalekale. Musakumvere. Pemphani thandizo pamene mwalemedwa, thamangani pamene pafunika kuthamanga, ndipo pa masiku ena onsewo, gwiritsitsani chimene mwanyamulacho.

Zofooka zimalimba, abale anga. Mtima wanuwo musautaye.